Musangodutsa pa Mpanshya

Aliyense amene anakwerapo basi yochokera ku Lusaka kupita ku Chipata anadutsa pa mphambano ya ku Mpanshya, koma ndi owerengeka okha amene anganene kuti anapaona. Pofika pamenepo ambiri amakhala akuwodzera chifukwa cha kulawirira, ena maso amakhala ali pa katundu wawo, ndipo onse mtima umakhala uli pa mlatho wa Luangwa pomwe basi idzaima kuti agule nsomba. Inenso ndinali mmodzi wa iwo kwa zaka zambiri. Dera lonse la pakati pa Chongwe ndi Luangwa ndinkaliyesa thengo chabe limene munthu ayenera kulipirira kuti akafike kwawo. Maganizo amenewa anasintha pamene ndinatsika basi kukazonda mbale wanga amene anagonekedwa m'chipatala cha mishoni, ndipo atachira ndinakhalako masiku ena angapo ndikuyendera malo ozungulira.

Ulendo wa ku Mpanshya uyenera kuyambira pa Kasisi, kufupi ndi bwalo lalikulu la ndege, chifukwa mbiri ya Eklezia m'dera lino la Asoli inayambira pomwepo. Bambo Jules Torrend a chipani cha Ajezuiti ndiwo anatsegula mishoni imeneyi m'chaka cha 1905, mzinda wa Lusaka usanakhale likulu la dziko. Kuchoka apo mseu wa Great East Road ukufikitsani pa Chongwe, makilomita 45 kuchokera mu mzinda. Achinyamata amawoloka mtsinje wa Chongwe osaganiza kanthu, koma achikulire akukumbukira mwezi wa Novembala 1979 pamene asilikali a Rhodesia anaphulitsa mlatho wa pamenepa pofuna kulanga dziko la Zambia chifukwa chosunga omenyera ufulu wa Zimbabwe.

Mukapitirira makilomita 80 kuchokera ku Lusaka mufika pa Chinyunyu, pomwe madzi otentha amatumphuka pansi pafupi ndi mseu penipeni. M'mawa wa mwezi wa Juni nthunzi imaonekera patali ngati pali amayi amene akuphika mowa. Pa gwero pake simungathe kusiyamo dzanja. Anthu amanena zambiri za madzi amenewa, ndipo ena amabwera ndi zigubu kudzatunga poyesa kuti ndi mankhwala a nthenda iliyonse. Koma chimene chimachitika n'chakuti madzi a mvula amalowa pansi kwambiri kudzera m'ming'alu ya miyala, amakatenthedwa ndi miyala ya m'kati mwa dziko, kenaka amakankhidwira kumwamba asanazizire. Ming'alu yomweyo ndi imene inagwetsa nthaka kalekale n'kupanga zigwa za Luano ndi Luangwa. Kwa ine kudziwa zimenezi sikuchepetsa kudabwitsa kwa malowo. Chimene chinandiwawa mtima ndi mapepala a pulasitiki ndi mabotolo amene alendo anataya m'mbali mwa kasupeyo.

Kupitirira Chinyunyu mseu umayamba kukwera ndi kutsika, kukhotera uku ndi uku, pakati pa mapiri ovala mitengo. Amene akufuna kuona dera limeneli pa ulemerero wake apite kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, pamene mitengo ya mombo iphuka masamba atsopano. Mapiri onse amasanduka ofiira, ena ngati magazi, ena ngati mkuwa, mvula isanagwe ngakhale dontho limodzi. Kumwera kwa mseu, kuseri kwa mapiriwo, kuli nkhalango ya nyama ya Lower Zambezi imene inakhazikitsidwa mu 1983. Kumpoto kuli mtsinje wa Lunsemfwa ndi dziko la mfumu Shikabeta. Boma la Rufunsa ndi laling'ono pa zaka, pakuti linapatulidwa ku boma la Chongwe mu 2012, koma maufumu a Asoli a Bunda Bunda, Mpanshya ndi Shikabeta analipo kale mseu usanalambulidwe.

Pali chinthu china chimene maso sangachilambalale pa mseu umenewu: matumba a makala. Aimikidwa m'mbali mwa mseu mudzi ndi mudzi, ataliatali kuposa mwana wa sukulu, kudikira magalimoto opita ku Lusaka. Pamene ndinadutsa koyamba ndili mnyamata, mitengo inkafika m'mphepete mwa mseu. Lero m'malo ambiri muyenera kuponya maso patali kuti muione. N'kosavuta kwa ife okhala m'tauni kudzudzula wootcha makala, koma bambo wina amene ndinacheza naye pa mphambano anandifunsa funso limene sindinathe kuliyankha. Anati: "Kodi bambo, nsima imene munadya dzulo ku Lusaka inaphikidwa pa chiyani?" Iye amaotcha makala chifukwa mvula ikavuta chimanga sichikwanira, ndipo sukulu ya ana ifuna ndalama. Ife timawagula chifukwa magetsi amazima kapena ndi odula. Mapiri a Rufunsa akuthera m'mbaula zathu za ku Mtendere, Matero ndi Chawama.

Mpanshya yeniyeni ili pa mtunda wa makilomita osakwana 200 kuchokera ku Lusaka, ndipo mishoni ili chapatali pang'ono ndi mseu waukulu. Munthu wofuna nyumba zosanja kapena masitolo aakulu adzakhumudwa. Chimene chilipo ndi tchalitchi, sukulu, midzi yomwazikana m'tsinde mwa mapiri, ndi chipatala cha St Luke's Mission Hospital chimene Asisiteri a chipani cha St Charles Borromeo, ochokera ku Poland, akhala akuchisamalira kwa zaka zambiri. Pambali pake pali sukulu ya anamwino ndi azamba, ndipo madzulo mumakumana ndi atsikana ndi anyamata ovala zoyera, olankhula Chibemba, Chitonga, Chilozi ndi Chinyanja, amene anabwera kudzaphunzira ntchito kuno kumudzi kumene anthu a m'tauni amati kulibe kanthu.

Kuti mumvetse kufunika kwa chipatala chimenechi, khalani tsiku limodzi pa malo pamene osamalira odwala amaphikira. Ndinakhala pamenepo masiku anayi. Amayi ena anali atayenda pansi tsiku lonse kuchokera kuchigwa, mwana ali kumsana, ufa uli pamutu. Ena anabwera mwezi wathunthu nthawi yawo isanakwane, poopa kuti mitsinje ikadzaza sadzatha kuwoloka. Usiku wina tinadzidzimuka ndi phokoso la galimoto ndi kuthamanga kwa anamwino: panali patachitika ngozi pa mseu waukulu. Chakum'mawa kwa Mpanshya kuli mapiri a Manenekela, pomwe mseu umatsetserekera kuchigwa cha Luangwa mokhotakhota, phompho lili pambali. Madalaivala a malole amawadziwa bwino malo amenewa ndipo amawaopa. Munthu akavulala pamenepo, Lusaka ili kutali, Nyimba ili kutsidya kwa mtsinje, ndipo moyo wake umadalira manja a anthu a pa Mpanshya. Ambiri a ife amene timadutsa tili m'tulo sitidziwa kuti pali anthu amene amakhala maso chifukwa cha ife.

Lamulungu ndinachita nawo Misa. Nyimbo zinali za Chinyanja zomwe timaimba kwathu, koma ng'oma inali ndi kamvekedwe kena, ndipo pa nthawi ya zopereka anthu anabwera ndi maungu, nthochi, mtedza ndi nkhuku yomangidwa miyendo. Atatuluka m'tchalitchi anayamba kulonjerana m'Chisoli, chinenero chimene ana ambiri a Asoli obadwira mu Lusaka sachidziwanso, ngakhale mzindawo unamangidwa pa nthaka ya makolo awo.

Kuchokera pa Mpanshya, mlatho wa Luangwa suli patali. Mukatsika Manenekela mumamva kutentha kukulowa pa zenera, mitengo ya mombo imatha, ndipo m'malo mwake mumayamba kuona milambe, masawu ndi bwemba. Mlatho woyamba unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust. Umene tikuwolokapo lero, wolenjekeka pa zingwe zachitsulo zochokera pa nsanja ziwiri, unatsegulidwa mu 1968. Ndiwo khomo lalikulu la chigawo chonse cha kum'mawa, n'chifukwa chake amaulondera usana ndi usiku, ndipo mlendo wanzeru amayamba wapempha asanatulutse kamera. Msika wa pamenepa ndi wodziwika kwa onse: nsomba zowamba za pende ndi mcheni, madengu, mphasa, malichero ndi zipewa za mlaza. Usiku nyali za ogulitsa zimaoneka ngati mudzi wa nyenyezi m'mbali mwa phiri.

Koma Mkatolika asabwerere pa msika. Pafupi pomwepo pali mseu wokhotera kumwera, wotsata mtsinje makilomita pafupifupi 90 mpaka ku boma la Luangwa, limene akuluakulu amalitchulabe kuti Feira. Tsidya lina la mtsinje ndi Mozambique. M'chaka cha 1910 ufumu unagwa ku Portugal, ndipo boma latsopano linapirikitsa Ajezuiti m'maiko onse amene linkalamulira. Ansembe a pa mishoni ya Miruru, kufupi ndi Zumbo, sanabwerere ku Ulaya onse. Ena anangowoloka Luangwa n'kuyambanso ntchito tsidya lino, poyamba pa Kapoche, kenaka pa Katondwe mu 1911. Ajezuiti a ku Poland anatenga mishoni imeneyi, ndipo mu 1914 anatsegula ina pa Chingombe, kuseri kwa mapiri a kumpoto. Nthawi imeneyo kunalibe mseu kapena mlatho. Maulendo onse anali apansi, kudutsa m'dziko la tsetse, njovu ndi mikango, ndipo malungo anatenga ambiri akadali anyamata. Imani pa manda a pa Katondwe muwerenge maina ndi zaka zawo.

Mmodzi wa amene anatsata mapazi awo ndi Ambuye Adam Kozłowiecki. Iwo anapulumuka ku ndende za Auschwitz ndi Dachau, anafika m'dziko lino mu 1946 n'kuyamba ntchito pa Kasisi, ndipo mu 1959 anakhala Arkiepiskopi woyamba wa Lusaka. Mu 1969 anatula pansi udindo kuti mwana wa dziko lino atenge mpando, iwo n'kupita kukatumikira ngati wansembe wamba ku Chingombe. Anakhala Kadinala mu 1998 ndipo anamwalira mu 2007 ali m'dziko lino lomwe.

Pa Feira, Luangwa amathira mu Zambezi, ndipo mutaima pa gombe mumaona maiko atatu nthawi imodzi: Zambia pansi pa mapazi anu, Zumbo ku Mozambique, ndi Kanyemba ku Zimbabwe. Chakumadzulo, m'mbali mwa Zambezi, kuli mudzi wa Kavalamanja umene asilikali a Rhodesia anauthira nkhondo mu Malichi 1978.

Chaka ndi chaka makwaya athu, Amayi a Chikatolika ndi magulu a achinyamata amasonkha ndalama zopitira ku Livingstone kapena ku Siavonga, ndipo palibe cholakwika. Koma ulendo wa ku Kasisi, Chinyunyu, Mpanshya ndi Katondwe ungatheke m'masiku atatu ndi ndalama zochepa. Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala, pakuti mu Okutobala chigwa cha Luangwa chimatentha koopsa. Lemberanitu kalata kwa Bambo Mfumu wa parishi imene mukufuna kugonako, nyamulani ufa wanu, maneti a udzudzu ndi madzi akumwa, ndipo m'thumba lina muikemo sopo, shuga ndi zitenje za amayi odikirira pa chipatala. Woyendetsa galimoto mumuuze kuti pa Manenekela mukufuna kutsika dzuwa lisanalowe.