Kugona Kuthengo M'nyengo Yachisanu: Kasankhidwe ka Zofunda Zoteteza Thupi

Thumba logonamo, lija m'masitolo a ku Johannesburg amalemba kuti sleeping bag, silitulutsa kutentha kulikonse. Kutentha kumachokera m'thupi la munthu amene wagonamo, ndipo ntchito ya thumbalo ndi kusunga mpweya wofundawo pafupi ndi khungu kuti usathawe. Munthu womvetsa zimenezi sagula thumba limodzi lokhuthala n'kumayembekeza kuti limuthandiza chaka chonse. Amasonkhanitsa zinthu zitatu kapena zinayi zoti aziwonjezera kapena kuchepetsa malinga ndi mwezi komanso malo amene akukagona.

Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Mu June ndi July masana kumawala dzuwa, koma kukada kuzizira kumafika cha m'madigiri 4, ndipo m'zigwa udzu umacha utayera ndi chisanu. Pa 10 July 2023 mumzindawu munagwa chipale chofewa. Miyezi yomweyi ndi imene alenje amapita ku mafamu a nyama ku Limpopo ndi ku Free State, pamene oyenda m'mapiri amalowera ku Magaliesberg kapena ku Drakensberg, komwe nsonga ya Mafadi imafika mamita 3,450, kuposa Sapitwa wa ku Mulanje amene ali ndi mamita 3,002. Pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Mmalawi wokulira m'mbali mwa nyanja ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, amene wapita ku msasa wotere kukacheza kapena kukagwira ntchito, amakumana ndi kuzizira kumene thupi lake silinakudziwepo.

Thupi la munthu wathanzi limatentha madigiri 37. Kutenthako kukatsika pansi pa 35, madokotala amati munthuyo wagwidwa ndi hypothermia. Amayamba kunjenjemera kwambiri, zala zimakanika kukoka zipi, mawu amatuluka ngati a munthu woledzera, maganizo amasokonekera. Kuzizirako kukapitirira, kunjenjemera kumasiya, ndipo ichi si chizindikiro chakuti wapeza bwino koma chakuti thupi latopa kudziteteza. Usiku ngozi imakula chifukwa munthu wogona sagwiritsa ntchito minofu, choncho amapanga kutentha kochepa kusiyana ndi pamene akuyenda.

Chimene ambiri amanyalanyaza ndi choyala pansi. Munthu akagona, kulemera kwake kumapsinja mbali yakumsana ya thumba mpaka mpweya wonse kutulukamo, ndipo nthaka yozizira imayamwa kutentha kwa thupi usiku wonse. N'chifukwa chake kamatiresi ndi koyenera kugulidwa thumba lisanagulidwe. Timatiresi ta kuthengo timalembedwa nambala ya R, yosonyeza mphamvu yake yotchinga kuzizira: nambala ikakula, chitetezo chimakulanso. M'chilimwe 2 amakwanira, koma usiku wachisanu pamafunika 4 kapena kuposerapo. Ubwino wake ndi wakuti manambalawa amaphatikizana. Kamatiresi ka siponji yolimba kakayalidwa pansi, kena kopopa mpweya n'kukhala pamwamba pake, chitetezo cha tiwirito chimawerengedwa pamodzi, komanso siponjiyo imateteza kopopako ku minga yomwe yadzaza m'tchire la ku Limpopo. Matiresi aakulu opopa, aja amayalira alendo kunyumba, amanyenga. Mpweya wochuluka wa m'kati mwake umazungulira n'kumanyamula kutentha kuchokera pamsana kupita pansi.

Pa thumba lenilenilo, chofunika kuwerenga ndi manambala a kuzizira. Makampani odalirika amayesa matumba awo motsatira muyezo wa ISO 23537, umene unalowa m'malo mwa EN 13537 mu 2016. Amagoneka m'thumbamo chidole cha msinkhu wa munthu chotenthetsedwa ndi magetsi, atachiveka zovala zam'kati ndi kuchiyalira matiresi, kenako amayeza kutentha kumene kukutayika. Pamatuluka manambala atatu. Ya Comfort imanena kuzizira kumene mkazi wa thupi lapakatikati angagone bwino atadziwongola. Ya Limit ndi pamene mwamuna angagone atadzipinda koma osadzutsidwa ndi mphepo. Ya Extreme si yogonera ayi: imangonena malire amene munthu angapulumukirepo kwa maola ochepa akunjenjemera, thanzi lake lili pachiswe. Nambala yoyenera kuidalira ndi ya Comfort, ndipo ndi nzeru kusankha yotsikirapo madigiri angapo kuposa kuzizira kumene kukuyembekezeka. Thumba lotchipa limene langolembedwa nambala imodzi yaikulu, popanda kutchula muyezo, siliyenera kukhulupiriridwa pa ulendo wa kuphiri.

M'kati mwa thumba mumakhala nthenga zofewa za bakha kapena tsekwe, apo ayi ulusi wa polyester. Nthenga zimafunditsa kwambiri pa kulemera kochepa, zimapindika n'kukwana pakona ya chikwama, ndipo zikasamalidwa zimakhala zaka zambiri. Vuto lake ndi madzi: zikanyowa zimaundana, mpweya umatha, thumba limasanduka chiguduli. Polyester ndi wolemera komanso wodya malo, koma ndi wotsika mtengo, amauma msanga ndipo amafunditsabe pang'ono ngakhale atanyowa. Nyengo yachisanu ku Gauteng ndi ku Free State imakhala youma, motero nthenga zimachita bwino. Kuyambira October mpaka March, pamene mvula ya mabingu imagwa masana, polyester amakhala wodalirika. Mlenje amene katundu wake akuyenda pa galimoto alibe chifukwa chowonongera ndalama pa nthenga. Amene amasenza zonse kumsana ndiye amaona phindu lake.

Kasokedwe nakonso n'kofunika. Thumba lopanikiza kumiyendo, lokhala ndi chipewa chokoka ndi chingwe, limafunda kuposa lamakona anayi, chifukwa thupi silitaya mphamvu kutenthetsa malo opanda ntchito. Likathina kwambiri, mapewa ndi mawondo zimapsinja zam'kati n'kusiya malo ozizira.

Kwa munthu wokhala ku Johannesburg amene akufuna zida za chaka chonse, poyambira pabwino ndi thumba la Comfort ya madigiri 5 kapena kutsikirapo pang'ono, kansalu kopyapyala kolowetsa m'kati, ndi chofunda chopepuka cha polyester chofunditsa pamwamba. M'chilimwe chofundacho ndi kansaluko zimakwanira. Kukayamba kuzizira thumba limalowapo, ndipo mu July zonse zimaphatikizidwa. Polyester amayenera kukhala kunja pa chifukwa ichi: thupi limatulutsa chinyezi usiku wonse, chinyezicho chimasanduka madzi chikafika pozizira, ndipo ndi bwino kuti chikathere m'chofunda chakunja kusiyana ndi m'nthenga. Kansalu kam'kati sikawonjezera kutentha kwambiri; phindu lake lalikulu ndi kuteteza thumba ku thukuta ndi litsiro. Pamwamba pa Drakensberg m'nyengo yachisanu zimenezi sizikwanira. Kumeneko kumafunika thumba limene Comfort yake ili pansi ndithu pa ziro. Pobwerera kunyumba, thumba liumitsidwe n'kusungidwa lomasuka, osati lofinyidwa m'kachikwama kake.

Zida zabwino zimalephera ngati mwini wake wagona ndi zovala zonyowa. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuwirikiza pafupifupi 25 kuposa mpweya, ndipo nsalu ya thonje imasunga thukuta. Zovala zogonera zikhale zouma, zaubweya kapena polyester, pamodzi ndi sokosi ndi chipewa. Kudya chakudya chotentha asanagone kumapatsa thupi chopangira kutentha. Botolo la madzi otentha lotsekedwa bwino, lokulungidwa m'sokosi, limathandiza kwa maola angapo. Mphuno ndi pakamwa zikhale kunja, popeza mpweya wopuma umanyowetsa thumba. Tenti isamangidwe pansi penipeni pa chigwa kapena m'mphepete mwa mtsinje, chifukwa mpweya wozizira umatsetserekera kumeneko usiku.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amathamangira akazizidwa, ndipo zonse zimapha. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda pamene kutentha kwa m'kati kukutayika msanga. Mbaula kapena chitofu cha gasi m'tenti yotseka chimatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo kapena mtundu, umene umakakamira m'magazi kuwirikiza 200 kuposa okosijeni. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, koma wogona sazimva. Nthambi yoona za ngozi zadzidzidzi mumzinda wa Johannesburg imachenjeza za mbaula chaka chilichonse chisanu chikayamba, ndipo chenjezolo ndi la m'tenti monga lilili la m'nyumba.

Munthu akaoneka kuti wazizidwa mopyola muyezo, avulidwe zonyowa, agonekedwe pa matiresi, afunditsidwe kuyambira pachifuwa, khosi ndi mutu. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, apatsidwe tiyi wotentha wa shuga. Asatikitidwe manja kapena miyendo, ndipo anyamulidwe mosamala chifukwa mtima wozizidwa umasokonekera msanga. Amene wasiya kunjenjemera kapena akulankhula zosamveka akufunika chipatala, ndipo ku South Africa nambala ya ngozi pa foni yam'manja ndi 112.