Nyimbo Imene Ambiri Anangomva Kolasi Yake

 Lero tili ku America, m'chaka cha 1984, ndipo funso lathu ndi ili: kodi uthenga wa nyimbo ya rock umakhala m'mawu, kapena m'kulira kwa zoimbira?

Mu June chaka chimenecho, Bruce Springsteen wa ku New Jersey ndi gulu lake la E Street Band anatulutsa chimbale cha Born in the U.S.A. Pachikuto pake woimbayu waima chofulatira, kutsogolo kwake kuli mbendera ya dzikolo. Nyimbo yonyamula dzina la chimbalechi imayamba ndi ng'oma ya Max Weinberg yogunda ngati mfuti, ndipo kolasi yake ndi yoti khamu lonse liimbe mokuwa. Ambiri anangoti basi, iyi ndi nyimbo yonyadira dziko. Ngakhale Pulezidenti Ronald Reagan, pokopa anthu ku Hammonton mu September, anatchula nyimbo za Springsteen kuti zili ndi uthenga wa chiyembekezo.

Koma tiyeni titchere khutu ku ndime zake. Wolankhula m'nyimboyi ndi mnyamata wobadwira m'tauni ya amphawi. Atapalamula kamlandu kwawo, anamupatsa mfuti n'kumutumiza ku nkhondo ya ku Vietnam. Pobwerera anapita kukafuna ntchito kufakitale yoyenga mafuta, koma ntchito kunalibe. Kuofesi yoona za asilikali akale nakonso anabwerako chimanjamanja. Mbale wake amene anamenya nkhondo ku Khe Sanh sanabwerere, chotsala ndi chithunzi chokha. Patha zaka khumi, munthuyu akadali wosowa kolowera.

Luso la mlembi lagona pamenepa. Satukwana boma, salalikira, satiuza kuti tilire. Amangotchula malo, munthu ndi chochitika, ndime iliyonse n'kukhala khomo lotsekedwa. Ndiyeno kolasi imabwera ndi mawu omwe aja osasintha, koma kulemera kwake kumasintha. Poyamba imamveka ngati kudzitama. Pambuyo pa imfa ya mbale uja imasanduka kudandaula kwa mwana wa m'nyumba amene akufunsa chifukwa chimene kwawo amutayira.

Nkhaniyi Springsteen sanaitole pamsewu. Bart Haynes, woimba ng'oma m'gulu lake la paunyamata la The Castiles, anafera ku Vietnam mu 1967, mmodzi mwa Aamerika oposa 58,000 amene anatsala kunkhondoko. Springsteen anawerenganso buku la Ron Kovic, msilikali amene anabwerako atalumala.

Nanga anthu anasokera pati? Kumayambiriro kwa 1982 Springsteen anaijambula nyimboyi ali yekha kunyumba, ndi gitala, pa kaseti. Mtundu umenewo, umene unatuluka mu 1998 pa chimbale cha Tracks, ndi wachisoni moti palibe angauvine pamsonkhano wa ndale. Otsutsa ena amati pouveka ng'oma zamphamvu, iye mwini anakwirira mawu ake, choncho asadandaule akamamumva molakwika. Ena amati kukangana kwa mawu ndi zoimbirako ndiye nyimboyo: msilikali amakondabe dziko lake, ndipo n'chifukwa chake bala lake likuwawa chonchi.

Mbali yachiwiriyi ndi imene ili ndi mfundo yolimba. Mtundu wa gitala yokha umangodandaula, pamene wa gulu lonse umanyamula kunyada ndi mkwiyo nthawi imodzi. Komabe mtengo wake unali waukulu, pakuti mpaka lero pali anthu oikuwa osadziwa nkhani ya msilikaliyu.

Choncho, nyimbo ikakugwirani mtima, musathamangire kuiweruza ndi kolasi yokha. Funsani kuti akulankhula ndani, ali kuti, ndipo chamuchitikira n'chiyani.