Boti la tsiku la ngozi limamatidwa m'chilimwe

Mwezi wa Malichi uli ndi mbiri yowawa ku Phalombe. Mu Malichi 1991, napolo adatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy adabwereza zomwezo: miyala ndi matope zidasesa midzi, makamaka kwa Mfumu Yaikulu Nkhulambe, misewu ndi milatho zidaduka, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa.

M'masiku amenewo tidaona asilikali, apolisi ndi a Red Cross akupulumutsa anthu pamaboti m'maboma a kummwera. Gulu lochokera ku Britain lidabwera ndi maboti opepuka, dziko la Tanzania lidatumiza mahelikoputa. Tidawathokoza, ndipo kudali koyenera. Koma ine funso langa ndi ili: boti lathu likatuluka m'madzi, makamera atachoka, amalisamala ndani?

Ndikunena boti lopopa, lija limaoneka ngati chubu chachikulu cha galimoto. Tinene chilungamo, boti limeneli silingalimbane ndi napolo amene akugubuduza miyala ndi zipika. Ntchito yake imayamba pambuyo pake, madzi akadzaza m'zigwa za mitsinje ya Phalombe ndi Sombani mpaka kudambo la Mpoto ndi nyanja ya Chilwa, anthu atatsakamira pazulu ndi m'mitengo. Apo ndiye limaposa bwato. Limapindika, anthu ochepa amalinyamula kudutsa pamene mlatho wagumuka, silimira kwambiri m'madzi osaya, komanso siligudubuka wamba. Lili ndi zipinda za mpweya zingapo, choncho chimodzi chikabooka zinazo zimaliyandamitsabe.

Vuto lake ndi lakuti limakalamba ngakhale lili chikhalire m'nyumba yosungiramo katundu. Dzuwa limaumitsa nsalu yake, kutentha kumamatula guluu wa m'malumikiziro, makoswe amaliboola, ndipo likapindidwa lonyowa limachita nkhungu. Pamaso limaoneka labwinobwino, koma paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku la ngozi anthu amalitambasula, kupopa, kenako n'kumva mpweya ukutuluka uku anzawo akudikira padenga.

Chonsecho kuliyesa sikulira nyanja kapena ndalama zambiri. Mumalipopa, kulisiya pamthunzi tsiku lathunthu, n'kuona ngati laphwa. Likaphwa, pakani madzi a sopo paliponse. Pamene pakuchita thovu ndi pomwe pali bowo. Yambirani pamavalavu, chifukwa nthawi zambiri wolakwa amakhala kamchenga kotsakamira m'valavu, osati bowo ayi.

Musanamate, dziwani kaye nsalu yake. Maboti ambiri otere ndi a PVC kapena a Hypalon, ndipo mtundu uliwonse uli ndi guluu wake. Nsalu ya PVC imakhala ndi mtundu umodzi kunja ndi m'kati, pomwe ya Hypalon m'kati mwake mumakhala modera. Guluu wolimba ndi uja wa mabotolo awiri amene mumasakaniza nthawi yomweyo. Akasakanizidwa amatha mphamvu m'maola ochepa, ndipo ngakhale wosatsekula ali ndi tsiku lake lothera ntchito. Guluu womatira chubu cha njinga sagwira pa PVC. Chigamba chake chimasendeka boti lili pakati pa madzi.

Chigamba chizipitirira bowo ndi masentimita 5 mbali zonse, ndipo ngodya zake zidulidwe mozungulira kuti zisamatuke. Pukutani malowo, pakani guluu wopyapyala mbali zonse ziwiri, dikirani ayambe kunanda, kenako kanikizani mwamphamvu kuchokera pakati kupita m'mbali. Mukatero lisiyeni maola osachepera 24 musanapope.

Apa ndiye pagona nkhani. Guluu ameneyu amadana ndi chinyontho. Kumata boti mu Febuluwale, mvula ili pakhomo, n'kungotaya guluu. Nthawi yabwino ndi m'chilimwe, pamthunzi, pamene palibe amene akuganiza za madzi osefukira. Boti la mu Malichi limakonzedwa mu Seputembala ndi Okutobala, basi.

Kapopedwe nakonso kali ndi malamulo. Maboti ambiri amafuna mpweya wa pafupifupi 0.25 bar, wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa tayala la njinga. Mukalipopa gwa m'mawa n'kulisiya padzuwa la ku Phalombe kuno, mpweya umafufuma n'kung'amba malumikiziro. Pogwira ntchito, mdani wake ndi zimene zabisala pansi pa madzi: malata, waya waminga, zitsa ndi mapesi a chimanga. Likatuluka m'madzi litsukidwe, liume, lisungidwe pamwamba pomwe makoswe safika. Ngati lili ndi injini, petulo wokhalitsa miyezi amatseka kabuleta, ndipo matope amatseka njira ya madzi oziziritsira injiniyo. Nkhafi ndi majekete oyandamitsa ziziwerengedwa pamodzi ndi boti.

Kodi luso limeneli tikalitenga kuti? Ndikayenda pa Migowi, pa Chiringa kapena paboma pa Phalombe, ndimaona amisiri omata machubu a njinga pansi pa mitengo. Anthu amenewa amadziwa kale kusaka bowo ndi madzi, kupala ndi kumata chigamba. Chowasowa ndi guluu woyenera ndi maphunziro a masiku ochepa. Kunyanja ya Chilwa kuli asodzi amene adakulira pamadzi osaya, odzaza bango ndi matope. Amadziwa kuwerenga madzi kuposa ambiri a ife ophunzira. Awa ndiwo ayenera kukhala m'makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, chifukwa maola oyamba a chigumula wopulumutsa amakhala mnansi, thandizo lakutali lisanafike.

Mchaka cha 2023 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano loyendetsera ntchito zolimbana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, lomwe likutsindika za kukonzekera. Kukonzekerako kuoneke pazinthu zing'onozing'ono ngati izi. Nthambi ya Dodma, khonsolo ya Phalombe ndi mabungwe agwirizane kuti boti lililonse likhale ndi mwini ntchito wodziwika dzina, kabuku kolembamo tsiku limene lidayesedwa, ndi kathumba ka ndalama zogulira guluu chaka ndi chaka. Wopereka boti apereke pamodzi ndi pampu, zigamba ndi mavalavu apadera. Mwambo wolandirira mphatso umatha tsiku limodzi, koma chisamaliro chimafunika zaka.

Idai adabwera mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023. Palibe amene anganene kuti sitidachenjezedwe. Akuluakulu adati pakadafunda padajiwitsa galu. Mvula isanayambe, wina atsekule nyumba yosungiramo katundu, atulutse botilo, alipope, tione ngati lifike mawa lake lili lolimba.