Luna Leopold, katswiri yemwe ankayeza mitsinje

Anthu ambiri akaona mtsinje ukukhotakhota amaganiza zouwongola kuti madzi azithamanga. Koma katswiri wina wa ku America, Luna Leopold, anaonetsa kuti kukhotako kuli ndi ntchito yake.

Leopold anabadwa m'chaka cha 1915 mumzinda wa Albuquerque. Anali mkulu woona za madzi ku bungwe la boma la US Geological Survey asanakaphunzitse pa yunivesite ya California ku Berkeley.

Kuyambira mu 1953, mkuluyu ankapita ku kamtsinje ka Watts Branch m'chigawo cha Maryland, n'kumayeza m'lifupi ndi kuzama kwake pamalo omwewo mobwerezabwereza. Nyumba zitachuluka m'deralo, anaona matope akukwirira kamtsinjeko ndipo madzi anayamba kusefukira pafupipafupi.

Mu 1964, iye ndi anzake M. Gordon Wolman ndi John Miller anatulutsa buku la Fluvial Processes in Geomorphology. Iwo anafotokoza kuti mtsinje umadzikonzera wokha njira: pamakhala dziwe, kenaka malo osaya a timiyala, kenaka dziwe lina. Mtunda wochoka padziwe kufika padziwe lina umakhala ngati m'lifupi mwa mtsinjewo ka 5 mpaka ka 7.

Apa ndiye pagona moyo wa nsomba. M'maiwe ndi momwe zimabisala madzi akachepa, pomwe patimiyala ndi pamene mitundu ina imaikira mazira. Mtsinje ukawongoledwa, malo onsewa amatha.

N'chifukwa chake akatswiri okonzanso mitsinje yoonongeka amayamba ayeza kaye asanabwezeretse maiwe ndi timiyala.

Leopold analandira mendulo ya National Medal of Science mu 1991 ndipo anamwalira mu 2006.