Cikope Cogwa

Diso liri ndi zikope ziwiri, ca m'mwamba ndi ca m'munsi. Cikope ca m'mwamba cimatseka ndi kutsekula diso. M'kati mwake muli kamnofu kakang'ono. Kamnofu aka ndi kamene kamakweza cikope. Kakafooka, cikope cimagwa ndi kuphimba diso.

Ana ena amabadwa ndi cikope cogwa, ca diso limodzi kapena ca maso onse awiri. Kwa agogo cimagwa cifukwa ca ukalamba. Ena cimawagwa atavulala pa diso. Si ufiti ai, ndipo sicipatsirana.

Mwana wotere amaoneka ngati ali ndi tulo, koma sakugona. Poyang'ana pa bolodi amakweza cibwano, mutu n'kupendekera kumbuyo. Amakwezanso nsidze kuti aone. Aphunzitsi amukhazike kutsogolo.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Diso la mwana limaphunzira kuona, monga miyendo imaphunzira kuyenda. Diso lophimbika siliphunzira. Mwana akapitirira zaka 7 kapena 8 diso liri cophimbika, lingakhale lofooka moyo wake wonse. N'cifukwa cake makolo asadikire kuti akule.

Ulendo umayambira ku cipatala ca ku Cobue. Anthu ena amaoloka nyanja pa bwato kunka ku cipatala ca St Peter's pa cisumbu ca Likoma. Koma nchito ya maso imafuna dotolo wa maso, ndipo acipatala angatumize mwana ku Lichinga.

Dotolo amacita opaleshoni. Mwana amagonekedwa ndi mankhwala, samva kuwawa. Ngati kamnofu kali ndi mphamvu pang'ono, dotolo amakafupikitsa, cikope n'kukwera. Ngati kalibiretu mphamvu, amalumikiza cikope ndi mnofu wa pamphumi ndi kacingwe kobisika pansi pa khungu. Tsopano mwana akakweza nsidze, cikope cimakwera naco. Pambuyo pake diso lingamatsale lotsekuka pang'ono mwana akagona. Amai amapaka mankhwala a kucipatala kuti lisaume. Madzi a masamba asathiridwe m'diso.

Palinso cikope cimene cimagwa mwadzidzidzi. Munthu akalumidwa ndi njoka ya mbobo, zikope zimayamba kulemera. Kenaka kupuma kumabvuta. Wina cikope cimamugwa mutu ukumuwawa kwambiri, zinthu akuziona ziwiriziwiri. Anthu awa anyamulidwe kunka ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku.