BONONGWE NDI LUNI: NDIWO ZA MAKOLO ZOONJEZERA MAGAZI

M'makomboni athu, kaya ndi Kapata ku Chipata kapena Matero ku Lusaka, timadimba tambiri ta kuseri kwa nyumba mupezamo repu ndi kabici cabe. Bonongwe, amene a ku Lusaka amati bondwe, akamera yekha pafupi ndi dzala timzula ngati udzu. Uku ndi kutaya cakudya ca mtengo wapatali.

Bonongwe, luni, khwanya ndi cibwabwa ndi ndiwo zokhala ndi ayironi, amene thupi lifuna popanga magazi, ndiponso vitamini A wothandiza maso ndi kuteteza thupi ku matenda. Kabici woyera m'kati alibe vitamini A wokwanira kulingana ndi masamba obiriwira kwambiriwa. Amai apakati ndi ana opita kusikelo ndiwo avutika kopambana ndi kucepa kwa magazi, conco ndiwo ayenera kuyamba kupatsidwa ndiwozi. Boma linayamba kuika vitamini A m'shuga mu 1998, koma shuga ndi wogula, pamene bonongwe afuna madzi ndi manyowa pang'ono cabe. Pakapita milungu itatu kapena inai mutafesa, muyamba kuthyola.

Ubwino waukulu wa mbeu za makolo ndi wakuti simubwereranso kusitolo. Mbeu za m'mapaketi zolembedwa F1, monga za kabici ndi matimati ena, mukasunga njere zake sizibereka monga poyamba. Za makolo sizitero. Siyani mitengo iwiri kapena itatu ya bonongwe yonenepa bwino, osaithyola, kufikira ngala zake zitakhwima. Dulani ngalazo, ziyanikeni pa thumba, zifikiseni ndi manja ndi kupeta. Njere zikauma gwa, zisakanizeni ndi phulusa ndi kuzitsekera m'botolo louma. Luni asungidwa cimodzimodzi, koma thyolani zitheba zake zikacita cikasu, zisanaphulike. Kalembula safuna njere konse. Mungopempha colowa kwa anansi anu ndi kubzala.

Kaphikidwe ndiko kationongera zambiri. Soda afewetsa ndiwo msanga, inde, koma aononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B. Tsukani masamba musanawadule, thirani madzi ocepa, ndipo musawaphike kufikira atacita bii. Ikani nsinjiro kapena saladi pang'ono, cifukwa vitamini A alowa bwino m'thupi ngati pali mafuta. Matimati nao athandiza thupi kutenga ayironi. Tiyi acita zosiyana ndi izi, ndiye musamwe pamodzi ndi nsima. Yembekezani ola limodzi kapena awiri. Luni akawawa kwambiri, msakanizeni ndi bonongwe, ana adzadya.

Katapa yekha ndiye afuna kusamala. Masamba a cinangwa ali ndi ululu, motero asinjeni bwino ndi kuwaphika nthawi yaitali, poto osavundikira.

Ndiwo zikaculuka m'dzinja, pangani mfutso monga amacitira agogo athu. Wiritsani masamba mphindi zowerengeka, kenaka muwayanike pa mthunzi podutsa mphepo, pakuti dzuwa lamphamvu licepetsa vitamini A. Mfutso wouma bwino udzakufikitsani mu Okutobala, pamene ndiwo zamasamba zidula pa msika.

Pothirira, madzi otsukira ndiwo kapena mpunga ndi abwino. A m'ngalande ndi oyenda kucokera ku zimbudzi musawagwiritse nchito ai, cifukwa ndimo mubisala kolera ndi njoka za m'mimba.