Mphesa za makolo ku Sicily: mbewu yomwe inkagulitsidwa mopanda dzina

Sicily ndi chilumba chachikulu kuposa zonse pa nyanja ya Mediterranean, ndipo ndi mbali ya dziko la Italy. Kumeneko kumatentha, ndipo kuyambira Juni mpaka Ogasiti mvula siigwa kwenikweni. Alimi a pachilumbachi akhala akulima mphesa kwa zaka zoposa 2,500, ndipo vinyo wofiira yemwe watchukitsa Sicily lero amachokera ku mitundu ya mphesa yomwe makolo awo adaisunga.

Mtundu womwe umalimidwa kwambiri pa mphesa zakuda ndi Nero d'Avola. Dzinali limatanthauza "yakuda ya ku Avola", tauni ya kummwera chakummawa kwa chilumbachi. Mphesazi zimapirira dzuwa ndipo vinyo wake amakhala wakuda ndi wamphamvu. Cha ku Vittoria amalima Frappato, yomwe vinyo wake ndi wopepuka komanso wa fungo labwino. M'mbali mwa phiri la Etna, lomwe limaphulika n'kutulutsa chiphalaphala chamoto, mumalimidwa Nerello Mascalese. Mtundu uwu umacha mochedwa, nthawi zambiri mu Okutobala, chifukwa kumtunda kumazizira.

Kalimidwe ka makolo kamatchedwa alberello, kutanthauza kamtengo. Mlimi amadulira mpesa kuti ukhale waufupi ngati chitsamba, popanda mawaya. Masamba amaphimba zipatso kuti zisapse ndi dzuwa, ndipo mizu imalowa pansi kufuna chinyezi. Zokolola zimachepa ndipo ntchito yambiri ndi ya manja, koma mpesa umatha kukhala moyo popanda kuthirira.

Mbewuzi zidatsala pang'ono kutha. Cha m'ma 1880 pachilumbachi padafika phylloxera, tizilombo tating'ono toyamwa mizu tomwe tidachokera ku North America, ndipo minda yambiri idauma. Alimi adapulumuka pomezanitsa, monga zimachitikira ndi mango kapena malalanje: pansi amabzala mpesa wa ku America womwe mizu yake imapirira tizilomboti, pamwamba n'kulumikizapo nthambi ya mtundu wa makolo. Chipatso chimatengera nthambi ya pamwambayo.

Vuto lina lidali msika. Kwa zaka zambiri vinyo wa ku Sicily ankagulitsidwa m'migolo ndi m'mathanki kupita ku France ndi kumpoto kwa Italy, komwe ankamusakaniza ndi vinyo wofooka kuti ade komanso akhale wamphamvu. Pa botolo sipankalembedwa dzina la Sicily kapena la mphesayo. Mlimi ankalandira ndalama potengera kulemera kwa katundu, ndipo phindu lalikulu linkatsalira ogula.

Zinthu zidasintha pang'onopang'ono. Mu 1958 alimi a ku Menfi adakhazikitsa kopaletivi ya Settesoli kuti azifinya okha mphesa zawo, ndipo pambuyo pake adayamba kuika vinyo m'mabotolo. Mu 1984 kampani ya Duca di Salaparuta idapanga vinyo wotchedwa Duca Enrico ndi Nero d'Avola yokhayokha, kusonyeza kuti mphesa yomwe inkatengedwa ngati yongosakanizira ikhoza kugulitsidwa pa mtengo wapamwamba. M'zaka za m'ma 1990 ambiri adathamangira mitundu ya ku France monga Merlot ndi Syrah. Mitunduyi idathandiza kuti ogula akunja ayambe kuidziwa Sicily, koma imapezekanso ku South Africa, Chile ndi Australia. Chomwe mayiko amenewa analibe ndi mphesa za pachilumbachi.

Malamulo adatsatira pofuna kuteteza maina. Dera la Etna lidavomerezedwa ndi boma mu 1968, ndipo vinyo wofiira wa dzinali ayenera kukhala ndi Nerello Mascalese yosachepera 80 peresenti. Mu 2005 Cerasuolo di Vittoria adalandira chizindikiro chapamwamba kwambiri cha vinyo ku Italy, chotchedwa DOCG. Vinyoyu amaphatikiza Nero d'Avola ya pakati pa 50 ndi 70 peresenti ndi Frappato ya pakati pa 30 ndi 50 peresenti. Wolima kunja kwa malire a deralo saloledwa kugwiritsa ntchito dzinali.

Izi sizikutanthauza kuti mavuto adatha. Mu 2023 mvula yambiri ya mu Meyi ndi Juni idabweretsa matenda a chuku pa masamba ndi zipatso, ndipo zokolola zidatsika kwambiri. Mu 2024 kudadza chilala choopsa mpaka boma la Italy lidalengeza kuti Sicily ili pa ngozi ya kusowa kwa madzi, ndipo alimi ena adayamba kukolola mu Julayi, nthawi isanakwane. Mbewu ya makolo imapirira, koma nayonso imafuna madzi.

N'chifukwa chake ofufuza zaulimi pachilumbachi akuyenda m'minda yakale kusonkhanitsa mitundu yomwe idatsala pang'ono kuiwalika, ndipo ena mwa alimi ayambanso kubzala Perricone ndi Nocera. Mitunduyi ilipo lero chifukwa mabanja ena sadaizule pa nthawi yomwe inalibe msika.